"Ndimaimva ikakwera": bodza limene likutipundulira anthu

Pa mawu onse amene odwala amandiuza, amene anditopetsa kwambiri ndi awa: "Adokotala, ine BP yanga ndimaimva ikakwera." Amanena mwaulemu ndithu, ena monyadira ngati ndi luso lobadwa nalo. Ndawamva kwa aphunzitsi, kwa abusa, kwa amayi ogulitsa tomato pamsika, ngakhale kwa anzanga ena ovala zoyera. Ine ndine dokotala wa mtima, koma kwathu ndi ku Chadiza, kwa Mfumu Mlolo, ndiye ndikapita kumudzi ntchito imanditsata. Pamaliro, paukwati, sipalephera wina wondikokera kuseri kwa nkhokwe kuti andifotokozere mmene BP yake imamuchenjezera.

Chandilembetsa lero ndi bambo wina wakwathu komweko amene ndinamuona mwezi wathawu. Ndi mlimi wa soya ndi mtedza, wazaka za m'ma 50, wowonda, wamphamvu zake, wosadziwa bedi la m'chipatala. Tsiku lina anadzuka m'mamawa kuti akatsekule khola, anangogwa pakhomo. Pakamwa panapotoka, dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, mawu osatuluka. Anamunyamula pangolo mpaka kukiliniki, kuchoka apo ku Boma, kenako ku Chipata. Ine ndinamuona patapita milungu, mwana wake atabwera naye kuti tijambule mtima.

Nditafunsa za mankhwala, mnyamatayo anamasula kapulasitiki. Munali timapaketi ta kuchipatala tija, tolembedwa ndi bolopeni kuti limodzi patsiku, madeti ake osiyanasiyana kuyambira chaka chatha. Tambiri tinali todzaza, mapiritsi ena atayamba kunyenyeka ndi chinyezi. Bamboyu sankajomba kukiliniki ayi. Ankapita, n'kuyezedwa, n'kulandira mankhwala, n'kudzawasomeka kutsindwi. "Atate amamwa akamva kuti yakwera," anatero mwanayo. "Mutu ukawalemera kunkhongo kuno amamwa limodzi, mawa lake ali bwinobwino."

Tinamuika makina a echo pachifuwa, amene amagwira ntchito mofanana ndi aja ojambulira mwana m'mimba mwa mayi. Khoma la chipinda chachikulu cha kumanzere kwa mtima linali lochindikala. Ife timati left ventricular hypertrophy, kunena kuti mnofu wa mtima wakhala ukukankha magazi movutikira kwa nthawi yaitali mpaka wanenepa ndi kuuma. Khoma limenelo silichindikala pamlungu umodzi, kapena pamasiku ochepa aja mutu unkalemera. Zimatenga zaka. BP ya bamboyu inali pamwamba masiku a mutu ndi masiku opanda mutu omwe, ali kumunda, ali kutchalitchi, ali mtulo.

Akakumangani lamba woyezera BP pamkono, makina amatulutsa manambala awiri. Yapamwamba, imene timati systolic, ndi mphamvu imene magazi amakankha nayo makoma a mitsempha panthawi imene mtima wafinya. Yapansi, diastolic, ndi mphamvu yotsala m'mitsemphamo mtima ukamapuma kudikira kugunda kwina. Manambalawa akamapezeka pa 140/90 kapena kupitirira, osati kamodzi kokha koma pamasiku osiyana, timati munthu ali ndi BP. Vuto lake n'lakuti thupi lilibe njira yokuuzirani manambala amenewa. Ndaona amayi akuseka, akucheza, mwana kumsana, makina akuwerenga 190/110. Ndaonanso abambo atagwira mutu, akulumbira kuti lero yafika padenga, makina akuti 125/80. Chubu cha njinga chopopedwa mopitirira sichidandaula. Chimayenda bwinobwino kufikira tsiku limene chidzaphulikire pomwe chinapyapyala. Mwa munthu popyapyalapo ndi timitsempha ta mu ubongo, ta mu impso ndi ta m'maso.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu anzeru zawo amakhulupirirabe kuti amaimva? Sakunama dala. Ambiri anadziwa kuti ali ndi BP tsiku limene anapita kuchipatala ndi mutu, chifukwa munthu wosadwala sayenda ulendo wa kukiliniki. Anayezedwa, n'kupezeka yokwera, ndipo kuyambira pamenepo mutu ndi BP zinakwatirana m'maganizo mwawo. Komanso ululu uliwonse, mantha, kapena kuyenda mtunda padzuwa zimakwezadi BP pang'ono kwa kanthawi, ndiye mukayezedwa mutu ukuwawa makina amaoneka ngati akukuvomerezani. Chimene simunachione n'chakuti dzulo lake, muli wosangalala, inalinso yokwera. Panalibe amene anakuyezani basi.

Ndiye pali nkhani ya piritsi limodzi lija "lochiritsa" pofika mawa. Amlodipine, mankhwala amene ambiri timalembera, amalowa m'thupi pang'onopang'ono ndipo amatulukanso pang'onopang'ono. Kuti afike pa mlingo wokhazikika m'magazi pamafunika kuwamwa tsiku ndi tsiku kwa mlungu wathunthu kapena kuposerapo. Piritsi limodzi lomwedwa Lachiwiri, lina n'kudzamwedwa mwezi wamawa, palibe chimene lateteza. Mutu uja ukanatha wokha mutagona ndi kumwa madzi, koma ulemu unapita kwa piritsi. Mankhwala a BP si Panadol. Ena mwa iwo, monga atenolol, kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa kuposa kusawayamba, chifukwa mtima umatha kuthamanga moipa.

Sindikunena kuti BP siibweretsa zizindikiro konse. Ikakwera moopsa munthu amatha kumva mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kusanza, kubanika. Koma pamenepo si chenjezo ayi, ngozi yachitika kale. Bungwe la WHO limati padziko lonse anthu akuluakulu oposa 1 biliyoni ali ndi BP, ndipo pafupifupi theka la iwo sadziwa. Zikanakhala zomveka m'thupi, theka limenelo bwenzi likudziwa. Kuno ku Zambia kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse a zaka 18 mpaka 69 ali ndi BP yokwera. Werengani nokha akuluakulu a pamsonkhano wa kopaletivu, muone kuti ndi angati.

Ena amandiuza kuti amenewo ndi matenda a mabwana a ku Lusaka. Ndikumvetsa komwe zimachokera. Tonse timakumbukira malemu Levy Mwanawasa, amene anagwidwa sitiroko ali ku Egypt mu June 2008 n'kumwalira ku Paris pa 19 August chaka chomwecho. Bwana akagwa wailesi imalengeza. Mlimi wa kwa Zingalume kapena kwa Mwangala akagwa, nkhani imathera pabwalo la amfumu, kufunafuna amene wamulodza. Kutsidya ku Malawi mpaka amati wamenyedwa ndi hamala ya afiti. Pa za ufiti sindilowererapo, si sukulu imene ndinaphunzira. Chomwe ndingachitire umboni n'chakuti mwa "olodzedwa" amene afika m'manja mwanga, ochuluka zedi makina anawapeza ndi BP yokwera, ndipo agogo okalamba amene ankalozedwa chala analibe mlandu. Kuwonda ndi kugwira khasu zimathandiza, koma sizichotsa zaka, mtundu wa kubanja, mchere, fodya ndi kachasu.

"Koma adokotala, akuti ukangoyamba mankhwalawa thupi limazolowera, sungasiyenso." Awa ndi mawu achiwiri amene ndimamva kawirikawiri. Zoona zake n'zakuti ambiri sasiyadi, koma chifukwa chake si kuzolowera. Mankhwalawa sachotsa matenda, amangowagwira. Mukasiya, BP imabwerera pomwe inali musanayambe, osati chifukwa piritsi lakuwonongani koma chifukwa chinaikweza chija chikadalipo. Chimandidabwitsa n'chakuti ife a kuno phunziro limeneli tinaliphunzira kale, ndi misozi. Boma litayamba kupereka ma ARV mwaulere cha m'ma 2004 ndi 2005, tinaona anthu amene tinali titawalira kale akudzuka n'kubwerera kumunda. Lero palibe amene amauza mnzake kuti azimwa ARV pokhapokha akamva kuti kachilombo kadzuka. Pa BP pokha ndi pamene tikufuna kumayendera zomva m'thupi.

Pali zifukwa zina zosiyira mankhwala zimene ndimazilemekeza, ndipo anthu amachita manyazi kuzitchula. Amlodipine ndi nifedipine amatupitsa mapazi mwa ena. Enalapril amabweretsa kachifuwa kouma kosatha. Aja okodzetsa, monga hydrochlorothiazide, amavutitsa munthu amene ali paulendo wa basi. Abambo ena amaona kuti mphamvu za m'nyumba zachepa, ndipo m'malo monena amangotaya mankhwala, mayi kunyumba osadziwa. Nenani. Mitundu ya mankhwalawa ndi yambiri, timatha kusintha. Ndipo musakhumudwe mukawonjezeredwa mtundu wachiwiri. Ambiri amafunika iwiri. Kafukufuku wotchedwa CREOLE, amene anachitika m'mayiko asanu ndi limodzi a mu Africa kuphatikizapo Mozambique, anansi athu a kuseri kwa Chanida, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anaonetsa kuti mwa anthu akuda amlodipine wophatikiza ndi mtundu wina amatsitsa BP bwino kuposa kuphatikiza kopanda amlodipine. Ndimautchula chifukwa kwa nthawi yaitali takhala tikulemba mankhwala potsatira zimene zinayesedwa pa anthu a ku Ulaya ndi ku America.

Mlandu wina uli kwa ife a zaumoyo, ndipo sindiubisa. Mayi amayenda mtunda wa maola awiri, n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, akagule. Kwina makina oyezera alipo koma mabatire mulibe. Munthu wotero akayamba kusunga mapiritsi kuti adzamwe "pa tsiku loipa", ndingamudzudzule bwanji? Odwala a ma ARV amene akuyenda bwino amalandira mankhwala a miyezi itatu, ena isanu ndi umodzi. Wa BP kawirikawiri timamupatsa a mwezi umodzi, ngati kuti mvula ikagwa milatho ya kwathu imawoloka. Maganizo anga ndi akuti wodwala BP amene manambala ake akhazikika azilandiranso a miyezi ingapo, pakiliniki ya kwawo. Tili ndi National Heart Hospital ku Lusaka, ndipo n'chinthu chonyadira. Ana obadwa ndi mitima yobooka tsopano ena akuthandizidwa konkuno. Koma kuchokera ku Chadiza ndi makilomita oposa 500, ndipo ambiri amene amandipeza ine afika mochedwa: mtima watupa kale, miyendo yadzaza madzi, sagona chagada chifukwa chobanika. Mwa odwala khumi otere, ochuluka sankafunika dokotala wa mtima. Ankafunika namwino wokhala ndi makina amoyo ndi kabati ya mankhwala yosatha, zaka khumi zapitazo.

Malo andithera, ndiye malangizo ndingowathamangira, ndipo musawatenge ngati alowa m'malo mwa amene amakuonani kukiliniki. Mchere: WHO imati usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuwerengera ndi wa m'ndiwo momwe. Ife timadya pafupifupi kuwirikiza kawiri. Chotsani kambale ka mchere pamphasa, nsomba zouma zamchere muziziviika kaye, ndipo dziwani kuti soda ya m'sitolo imene timathira m'therere ndi timakyubu tokometsera ndiwo nazonso zili ndi sodium, chinthu chomwecho chimene chimavuta mumchere. Fodya, wosuta kapena wa m'mphuno, siyani, apa sindinyengerera. Mowa chepetsani. Brufen ndi diclofenac zogula pakantemba chifukwa cha msana zimakweza BP ndipo zimapweteka impso zikamwedwa kawirikawiri. Adyo ndi mandimu idyani ngati mumazikonda, koma sizilowa m'malo mwa piritsi. Mayi amene ali ndi BP ndipo watenga pakati, kapena akufuna kutenga, anene msanga, chifukwa enalapril amavulaza mwana m'mimba, ndipo kusikelo asajombe. Ngati muli ndi shuga, nkhani yonseyi ikukukhudzani kawiri.

Munthu akapotoka pakamwa, dzanja likafooka mbali imodzi, kapena mawu akayamba kukokeka, musadikire kuti kuche ndipo musayambire kwina. Musamumwetse madzi kapena phala, chifukwa zimatha kulowera kumapapo. Musamupatse aspirin musanafike kuchipatala: sitiroko ina ndi ya mtsempha wotsekeka, ina ndi ya mtsempha wophulika, ndipo pa yachiwiriyi aspirin amawonjezera kukha magazi. Mugonekeni chammbali, pezani chokwera.

Kwa inu amene mwawerenga mpaka pano mukumva bwinobwino m'thupi, ndinu amene ndimalankhula nanu. Ulendo wotsatira mukapita kukiliniki, kaya mwaperekeza mwana kusikelo kaya mwakaona wodwala, pindani dzanja la malaya mupemphe kuti akuyezeni. Khalani pansi mphindi zisanu kaye, musayezedwe muli wefuwefu. Funsani manambala onse awiri, osangovomera zakuti "ili bwino", ndipo alembedwe m'buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi deti lake.