Kodi mmisiri wina akanaiganiza yekha nzeruyi?

Ku Biwi kuli amisiri amene mota ya chigayo ikapsa amaimasula, kuchotsa waya wa kopa wakuda bii, n'kukulungamo watsopano. Ena amaikamo fani yokulirapo kuti mota isamatenthe msanga. Ndimamva anthu akuti mmisiri wotere akalembetse patenti. Ine ndimakayika.

Ofufuza a ARIPO ku Harare, bungwe loona za mapatenti limene Malawi ndi membala wake, akaona kuti chinthu n'chatsopano amafunsanso funso lina: kodi mmisiri wamba wa mamota, wodziwa zonse zimene zinalembedwa kale, akanafika pa nzeru yomweyo osavutika? Ngati akanafika, patenti palibe. Zoti fani yaikulu imaziziritsa kwambiri, ngakhale mnyamata wophunzira ntchito amazidziwa.

Mosiyana ndi zimenezi, Nikola Tesla analandira patenti mu 1888 pa mota yopanda maburashi, imene mphamvu ya maginito imazungulira yokha mkati n'kumakoka chitsulo chapakati. Lero zimaoneka zophweka, ndipo pamenepa ndi poterera kwa wofufuza: ukaona yankho, umayesa aliyense akanalipeza. N'chifukwa chake amayenera kuweruza ndi nzeru zimene zinalipo pa tsiku limene pempho la patenti linaperekedwa.