Chizungulire, Kuodzera ndi Kufooka m'Chingerezi

Wophunzira akafunsidwa kuti chizungulire n'chiyani m'Chingerezi amafulumira kuyankha kuti "dizzy". Kulakwa sanalakwe, koma mawuwa amaphimba zinthu ziwiri. Munthu amene wadzambatuka pampando maso n'kuchita mdima, ngati akomoka, amati ali "light-headed". Amene akuona nyumba ikuzungulira iye ali chiimire ali ndi "vertigo", mawu ochokera ku mneni wa Chilatini "vertere", kutembenuka. Kusiyanaku si kwa pamayeso pokha. Kuona zinthu zikuzungulira kawirikawiri kumayamba ndi vuto la m'kati mwa khutu, pamene mdima wa m'maso ungadze chifukwa cha kuchepa kwa madzi m'thupi kapena kutsika kwa kuthamanga kwa magazi. Womasulira wa kuchipatala akangoti "dizzy" pa zonsezi, dokotala amayenera kufunsanso.

Chodabwitsa n'chakuti m'Chingerezi chakale mawu akuti "dysig", kholo la "dizzy", ankatanthauza munthu wopusa.

"Drowsy" ndi kuodzera, pamene tulo tikukoka munthu amene sanafune kugona. Mawuwa timawaona pa mapaketi a mankhwala a chimfine ndi ziwengo, ndipo dalaivala amene sawamva akhoza kugwetsera galimoto m'phompho.

Amene amandisangalatsa kwambiri ndi "groggy". M'chaka cha 1740 mkulu wa asilikali a pamadzi a ku Britain, Edward Vernon, analamula kuti mowa wa ramu umene ankapatsa amalinyero uzisakanizidwa ndi madzi. Iwo ankamutcha Old Grog chifukwa cha chikhoti chake cha nsalu yokhakhala yotchedwa "grogram", choncho chakumwacho chinatenga dzina la "grog", ndipo woledzera nacho anali "groggy". Lero mowa suchita kufunika: wongodzuka kumene, wongotsitsimuka ku opaleshoni, ngakhale wankhonya amene wadya chibakera cha m'mutu, onsewa ndi "groggy".

"Sluggish" ndi kuchita zinthu mwang'onong'ono ngati nkhono, ndipo amanenedwanso za mtsinje kapena malonda. "Lethargic" amalemera kuposa pamenepo. Tsinde lake ndi mawu a Chigiriki akuti "lethe", kuiwala. Anzanga ambiri amawamasulira kuti "waulesi", koma ine ndimakana. Ulesi ndi khalidwe, munthu amadzudzulidwa nalo. Namwino akalemba kuti mwana wodwala malungo ali "lethargic" sakumudzudzula ayi. Akunena kuti mwanayo walefuka, sakutakataka, akuvuta kudzutsa, ndipo aonedwe msanga.