Ufa wakuda wa m'makina osindikizira si inki

Nthawi ya mayeso ikayandikira, makina ojambulira mapepala sapuma, kaya ali pasukulu yaikulu ya ZIP kapena ku ofesi ya maphunziro ku Ulongwe kapena ku Metangula. Kwa aphunzitsi a makalasi a zilankhulo ziwiri ntchitoyi imachuluka kwambiri, chifukwa mabuku a Chinyanja nthawi zambiri sakwanira ana onse. Mphunzitsi amadzilembera yekha nthano, mawu owerenga ndi mafunso, n'kukazichulukitsa pamakina. Motero ndi iyeyo amene amatsegula makinawo pepala likakanirira, ndi kusintha kabokosi ka toner kakatha.

Ambiri toner amamutcha inki. Dzina limeneli ndilo gwero la zolakwa zambiri, chifukwa inki ndi yamadzi pamene toner ndi ufa wouma. Gawo lalikulu la ufawu ndi pulasitiki wopera bwino kwambiri, moti tinjere 100 titandandalikidwa tingangokwana milimita imodzi kapena kucheperapo. Chimene chimaudetsa ndi mankhwala otchedwa carbon black, amene amapangidwa kufakitale potentha mafuta olemera pamalo opereŵera mpweya. Amafanana ndi mwaye wa nyali ya parafini, ndipo ochuluka amapita kokapangira matayala a galimoto. M'makina, ufawu umakokedwera papepala ndi mphamvu ya magetsi, kenako pepalalo limadutsa pa chitsulo chotentha pafupifupi madigiri 200, pulasitiki uja n'kusungunuka n'kumamatira. N'chifukwa chake pepala limatuluka lofunda.

Pamenepa pali zinthu ziwiri zoyenera kukumbukira: ufawu umauluka msanga, ndiponso umasungunuka ukamva kutentha. Malangizo onse osamalira toner amachokera pa ziwirizi.

Za kuuluka kwake, vuto lili m'mapapo. M'chaka cha 1996 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa yomwe ili ku Lyon m'dziko la France, linaika carbon black m'gulu la 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa mwa anthu. Umboni waukulu unachokera ku makoswe amene anapumitsidwa fumbi lambiri kwa nthawi yaitali. Mu toner mankhwalawa amakhala atakutidwa ndi pulasitiki, choncho wogwira pepala losindikizidwa kale asachite mantha. Amene ali pangozi ndi wopuma fumbi lake kawirikawiri, makamaka wothira ufa watsopano m'timabokosi takale. Fumbili limayabwa m'maso, limatsokomoletsa, ndipo limavutitsa kwambiri anthu a mphumu.

Choncho ufa ukatayikira pansi usasesedwe ndi tsache ngati wa chimanga, ndipo usauziridwe ndi pakamwa. Ana atuluke, mazenera atsegulidwe, ndipo wopukutayo aphimbe mphuno ndi pakamwa. Atenge nsanza yonyowa ndi madzi ozizira, awole ufawo pang'onopang'ono, kenako nsanzayo aimangirire m'pepala la pulasitiki. Makina wamba okoka fumbi sayenera ntchitoyi, pakuti tinjere timadutsa m'sefa yake n'kubwereranso mumpweya, ndipo fumbi loyandama lingathe kuyaka likakumana ndi moto wothetheka. Posintha kabokosi, makina ayambe azimitsidwa n'kudikira kuti azizire.

Za kutentha, lamulo ndi lakuti madzi akhale ozizira nthawi zonse. Ufa ukagwera m'manja, munthu asambe ndi sopo ndi madzi ozizira. Ukagwera pamalaya, ayambe akung'untha panja, mphepo ikuchokera kumsana, kenako achape ndi madzi ozizira. Madzi otentha kapena simbi zimachita ntchito ya chitsulo cha m'makina chija: zimasungunulira ufawo m'nsalu, banga lake osachokanso. Ukalowa m'maso, atsukuluze ndi madzi oyera kwa mphindi 15 osatikita, ndipo kuyabwa kukapitirira apite kuchipatala. Timabokosi tatsopano tisungidwe m'kabati yokiya, pamthunzi, kutali ndi mbaula ndiponso kutali ndi matumba a ufa wa phala la ana.

Kabokosi kamene akuti katha sikakhala kopanda kanthu. M'kati mumatsalabe ufa. Sukulu zambiri zili ndi dzenje lotenthera zinyalala kuseri kwa makalasi, koma kabokosi ka toner sikayenera kufikako. Kakaponyedwa pamoto, ufa wotsalawo ungalilime mwadzidzidzi n'kuwaula woyatsayo, ndipo utsi wa pulasitiki umalowa m'makalasi. Kutaya m'chimbudzi, mumtsinje kapena m'munda wa sukulu nakonso si njira, chifukwa pulasitiki saola. Kukasiya pamtetete, ana amakaphwanya kuti apeze matayala a galimoto zawo zamawaya. Njira yabwino ndi kukabwezera m'thumba limene munabwera katsopano, kumanga kukamwa, kulembapo, ndi kusunga mpaka pa ulendo wa kuboma kapena kumzinda, kumene ogulitsa ndi othiranso ufa ena amalandira timabokosi takale. Ndi bwino kufunsiratu za kubweza pa tsiku logula.

Mapepala akale a mayeso nawonso amafunika diso. Akatuluka pasukulu amakathera kumsika, kokulungira mandasi ndi tchipisi, ena n'kumapichirira fodya. Chakudya chotentha ndi chamafuta chisakhudzane ndi zolemba za toner, ndipo pepala lotere lisasutidwe.

Apa ndi pamene mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri ali ndi gawo lakelake. Machenjezo a pakabokosi amalembedwa m'Chipwitikizi kapena m'Chingelezi, koma amene amasesa mu ofesi ndi kuyatsa moto padzenje nthawi zambiri ndi mlonda, wothandiza kapena ana a m'kalasi, amene chilankhulo chawo ndi Chinyanja. Iwo akangomva kuti "inki yatayika", amathamangira tsache ndi madzi ofunda. Akauzidwa kuti ndi ufa wa pulasitiki wouluka ndi wosungunuka, amadziwa okha chochita. Chikwangwani chachifupi cha m'Chinyanja, chokhomedwa pafupi ndi makina, chingakhale ndi mizere itatu yokha: osasesa, osachapa ndi madzi otentha, osaponya pamoto. Mizere yomweyo ingawerengedwenso m'kalasi pa phunziro la zachilengedwe.