KODI MWANA AYENERA KUYAMBA LITI KUCHOVA NJINGA?

Ku cigawo ca kum'mawa njinga ndiye galimoto wa banja. Inyamula makala, cimanga, nkhuku, odwala ndi ana a sukulu, ndipo kale mu Chipata munali fakitale ya Luangwa Industries imene inali kupanga njinga za Eagle. Motero mwana wa mu Kapata, Mchini kapena Navutika akula akuona njinga tsiku ndi tsiku, ndipo sipapita nthawi kuti ayambe kulilira yake. Mwezi wa December ukafika, masukulu atatseka ndipo ena atalandirako bonasi, makolo ambiri adzifunsa ngati mwana wao wafika pomugulira njinga.

Kuchova njinga kulimbitsa miyendo, mtima ndi mapapo, ndipo mwana wosewera panja agona bwino usiku. Koma bungwe la World Health Organization linena kuti pa dziko lonse ngozi za pa mseu ndizo zipha kopambana ana ndi acinyamata a zaka 5 kufika 29. Cotero pali zinthu zitatu zofunika kuyang'ana njinga isanagulidwe: thupi la mwana, kukula kwa njinga, ndi malo amene mwanayo adzachoverako.

ZAKA PAZOKHA SIZIKWANIRA

Thupi la mwana likhwima motsatana. Ana ambiri ayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 12 ndi 15, ndipo wosayenda pa miyezi 18 afunika kuonedwa ku kiliniki. Pa zaka 2 mwana athamanga ndi kumenya bola. Pa zaka 3 akhoza kuponda mapedulo a kanjinga ka mawilo atatu. Pa zaka 4 adumpha ndi mwendo umodzi. Njinga ya mawilo awiri ana ambiri aikwanitsa pakati pa zaka 4 ndi 7.

Cimene cicedwa kubwera ndico kudzigwira kuti asagwe, kumene ambiri akucha kubalansa. Nchito imeneyi igwiridwa ndi maso, mkati mwa makutu ndi ubongo, zonse pamodzi, ndipo palibe mankhwala kapena cakudya coifulumizitsa. Ana awiri a mimba imodzi akhoza kusiyana ndi zaka ziwiri zathunthu. Mwana wocedwerako sindiye kuti ndi waulesi kapena wodwala, ndipo si bwino kumuseka kapena kumulinganiza ndi mwana wa aneba.

Mwana wafika pa njinga ya mawilo awiri ngati:

1. Athamanga, kukhota ndi kuima mwadzidzidzi kopanda kugwa.
2. Aima ndi mwendo umodzi kwa kamphindi ndi kudumpha nao.
3. Akamva mau akuti "ima" aima nthawi yomweyo.
4. Zala zake zifika pa buleki ndipo zili ndi mphamvu yofinya. Ana ambiri mphamvu imeneyi aipeza ca pa zaka 5.
5. Iye mwini afuna. Mwana wokwezedwa akulira aphunzira mantha cabe.

Mwana wa khunyu, wosaona bwino, wosamva bwino kapena wa matenda a sickle cell saletsedwa njinga, koma makolo ayambe akambirana ndi a ku kiliniki. Wa khunyu imene ikali kumugwetsa kawiri-kawiri adikire kufikira mankhwala atagwira bwino nchito.

"ADZAKULIRAMO" NDI MAU OOPSA

Ndalama zivuta, ndipo makolo azolowera kugula yunifomu yaikulu kuti mwana akuliremo. Pa njinga nzeru imeneyi ipweteketsa. Njinga yaikulu ilema, mapazi safika pansi, ndipo mwana akadzidzimuka alibe pogwira koma kugwa nayo pamodzi. Cimodzi-modzi ndi njinga ya atate ya mawilo a mainchesi 28, imene anyamata aichova atapisa mwendo pansi pa citsulo ca pakati. Mwana wochova motero apendekera mbali imodzi ndipo sakhoza kufinya buleki bwino.

Njinga za ana zipimidwa ndi kukula kwa wilo. Kambiri ya mainchesi 12 ndi ya zaka 2 kufika 4, ya mainchesi 16 ndi ya zaka 4 kufika 6, ndipo ya mainchesi 20 ndi ya zaka 6 kufika 9. Koma manambala awa ndi ongotsogolera cabe. Kafuku-fuku wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 osakwana zaka 5 mu Zambia anali opinimbira. Mwana wa zaka 6 akhoza kukhala ndi msinkhu wa mwana wa zaka 4. Ndiye cifukwa cake mwana afunika kupita naye kokagula, ngakhale njingayo ikhale ya mphatso.

Popima, mwana akhale pa sadulo. Ngati ndi wophunzira, mapazi onse awiri aponde pansi bwino-bwino. Akaimirira njinga ili pakati pa miyendo, pakhale mpata pakati pa thupi ndi citsulo. Manja afike pa mahandulo kopanda kudzikoka.

Njinga ya salaula ilibe mlandu malinga iyang'anidwe ndi wokonza njinga. Mabuleki agwire, cheni cikhale cosakhwepa, masipoko akhale onse. Kweni-kweni makolo aone kumapeto kwa mahandulo. Ngati labala yogwirira inang'ambika ndipo citsulo cili poyera, cifunika kutsekedwa mwana asanakwere.

KAPHUNZITSIDWE

Makolo ambiri agula njinga ya timawilo tiwiri tothandizira kumbuyo. Timawilo timeneti tiphunzitsa kuponda mapedulo koma sitiphunzitsa kubalansa, ndipo pa nthaka ya mabampu ya m'komboni tipendeketsa njinga. Njira yofulumira ndi iyi. Wokonza njinga acotse mapedulo ndi kutsitsa sadulo. Mwana adzikankhe ndi mapazi ngati akuyenda. Pang'ono-pang'ono ayamba kukweza mapazi njinga ikupita. Akatha kuyenda mamita angapo mapazi ali m'mwamba, ndi kuima ndi buleki, mapedulo abwezeredwe. Masiku ano kuli tinjinga topangidwa dala kopanda mapedulo, timene mwana wa zaka 2 kapena 3 akhoza kuyambirapo.

Wophunzitsa agwire mwana kumsana kapena m'mapewa, osati mahandulo ai, cifukwa mwana ndiye afunika kumva mmene njinga ipendekera. Mphindi 15 kapena 20 zikwana pa tsiku. Mwana avale nsapato zotseka zala, osati mapatapata, ndipo mtsikana asachove atavala citenje kapena diresi lalitali limene likhoza kukodwa mu cheni.

CISOTE COTETEZA MUTU

Mutu wa mwana wamng'ono ndi waukulu polinganiza ndi thupi lake, cotero akagwa mutu ndiwo utsogola. Dzanja lothyoka lipola pa masabata ocepa, koma ubongo wovulala nthawi zina subwerera mwakale. Ngati ndalama sizikwana njinga ndi helemeti pamodzi, ndi bwino kudikira mwezi wina.

Helemeti ikhale mowongoka, yophimba mphumi, ndipo pakati pa nsidze ndi helemeti palowe zala ziwiri cabe. Lamba amangidwe pansi pa cibwano kusiya mpata wa cala cimodzi. Helemeti ya mthuthuthu ilemera kwambiri pa khosi la mwana, ndipo cisote ca omanga nyumba sicinapangidwire kugwa pa njinga. Helemeti imene inagundidwa kwambiri itayidwe ngakhale ioneke yabwino kunja. Mwana aivule pokwera mtengo, cifukwa lamba akhoza kukola pa nthambi ndi kumupotola khosi.

BWALO INDE, MSEU AI

Kudziwa kuchova si kudziwa mseu. Mwana wosakwana zaka 10 sakhoza kupima bwino liwiro la galimoto imene ikubwera, ndipo akaona mnzake tsidya lina aiwala zonse. Ndiponso ndi wamfupi, kotero woyendetsa minibasi kapena lole samuona pobwerera kumbuyo. Mwana wotere achovere pa bwalo la nyumba, la chalichi kapena la sukulu, munthu wamkulu ali pafupi. Mkulu wake wa zaka 9 si munthu wamkulu. Makolo ayambe ayendera malowo kuona ngalande, zitsime zosavundikira, mawaya a mpanda ndi malo otsetsereka amene athera mu mseu.

Asatumidwe ku msika kapena ku cigayo pa njinga ngati njira idutsa mseu waukulu monga Great East Road. Akakula, aphunzire mseu ali pamodzi ndi kholo: kuyenda kumanzere monga mwa lamulo la dziko lino, kuima pa mphambano, kuonetsa ndi dzanja pokhota, ndi kutsika kukankha njinga podumpha mseu. Kukayamba mdima njinga ilowe m'nyumba.

MWANA WA PA KALIYA

Ana ambiri avulala ndi njinga asanayambe n'komwe kuchova. Mwana akhazikidwa pa kaliya miyendo ili lende, atopa kapena awodzera, ndipo phazi lilowa m'masipoko. Cilonda ca masipoko cinyenga. Tsiku loyamba cioneka ngati kusupuka cabe pa kakolo kapena ku cidendene, koma patapita masiku awiri kapena atatu khungu lida ndi kufa, ndipo nthawi zina fupa limakhala litathyoka. Cilonda cotere cionedwe ku cipatala tsiku lomwelo.

Kupewa kwake ndi kochipa. Mwana avale nsapato, pakhale popondera mapazi, ndipo mbali zonse ziwiri za wilo la kumbuyo zichingidwe ndi pulasitiki yolimba kapena thabwa lopepuka. Khanda losakwana caka cimodzi lisakhazikidwe pa njinga, pakuti khosi lake likali lofewa.

MWANA AKAGWA

Cilonda cosupuka citsukidwe ndi madzi aukhondo ndi sopo kufikira mcenga wonse utacoka, ndi kumangidwa ndi nsalu yoyera. Osapakapo dothi, phulusa, oilo ya galimoto kapena mankhwala otsukira mano. Dothi linyamula tizilombo ta kafumbata. Katemera wake alandiridwa ku sikelo pa masabata 6, 10 ndi 14, cotero popita ku kiliniki makolo anyamule kadi la mwana.

Mwana apititsidwe ku cipatala mosacedwa, ngakhale usiku, ngati:

1. Anakomoka, ngakhale kwa kamphindi.
2. Asanza mobwereza-bwereza, awodzera modabwitsa kapena avuta kudzutsa.
3. Agwidwa ndi zinjirinjiri, alankhula zosokonezeka kapena ayenda mwadzandi-dzandi.
4. Magazi kapena madzi acoka m'khutu, kapena madzi oyera acoka m'mphuno.
5. Akana kugwiritsa nchito dzanja kapena kuponda mwendo, kapena ciwalo capindika.
6. Handulo inamugunda pa mimba.

Mfundo yomalizayi makolo ambiri saidziwa. Handulo isiya kacizindikiro kozungulira pa mimba, mwana alira pang'ono ndi kubwerera kokasewera, koma mkati kapamba, ciwindi kapena matumbo zikhoza kukhala zitang'ambika. Zizindikiro zibwera patapita maola: mimba kuwawa ndi kuuma, kusanza, kuyera m'maso ndi m'manja, thukuta lozizira. Kuno kumene malungo ndi ambiri, mwana wodwala malungo kawiri-kawiri akhoza kukhala ndi kapamba wotupa, ndipo kapamba wotupa ang'ambika msanga. Mwana wotere asapatsidwe cakudya kufikira ataonedwa, pakuti mwina afunika opaleshoni.

Ciwalo cothyoka cisakokedwe kapena kutikitidwa ndi madzi otentha. Cimangidwe ku kathabwa kapena katoni yolimba monga mmene ciliri. Dzino lacikulire likazuka lisagwiridwe ku muzu. Liikidwe mu mkaka ndi kuthamangira nalo ku cipatala ola lisanathe. Dzino la ubwana silibwezeredwa.

Makolo amene akayika ngati mwana wao wafika, afunse anasi pa tsiku la sikelo kapena ku kiliniki ya kufupi. Njinga sithawa m'sitolo. Mwana amene wayamba pa zaka 7 pa njinga yomukwana, helemeti ili kumutu, adzachova bwino cimodzi-modzi ndi mnzake amene anayamba pa zaka 4.