Tsamba Limene Lizimitsa Foni

Mphunzitsi kapena kalaliki wa Boma wokhala ku Zolozolo, mu mzinda wa Mzuzu, masiku ano asenza ofesi yake m'thumba. Makalata a kuntchito, mayina a ana a sukulu, ndi ndalama za pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, zonsezi zikhala mu foni imodzi. Tsono nkoyenera kuti awerengi athu adziwe za chilema chimene chipezeka kawirikawiri mu browser, ndiye pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti monga Chrome, Safari, Firefox ndi Edge.

Ntchito ya browser ndi kulandira chilichonse chimene tsamba latumiza, mawu, zithunzi ndi malangizo, nichiyala pamaso pa munthu. Koma ichita zimenezi mokhulupirira mlendo. Munthu wa mtima woipa akalemba tsamba lake mochenjera, akhoza kuipatsa ntchito yosatha kufikira malo ake osungira zinthu atadzaza. Pamenepo foni itentha m'manja, iuma, nizima yokha.

Zimenezi zinaoneka poyera mu Januwale 2016, pamene tsamba lotchedwa crashsafari.com linafalitsidwa pa Twitter ndi kwina. Tsambalo linkangolemba zilembo zambirimbiri mu adiresi ya browser kosalekeza, ndipo ma iPhone ankazima ndi kuyakanso. Mu Febuluwale 2018 chilembo chimodzi chokha cha chinenero cha Telugu, cha ku India, chinkagwetsa mapulogalamu a pa iPhone, kufikira a Apple anatulutsa mankhwala ake. Ndipo mu Okutobala 2025 katswiri wina, Jose Pino, anaonetsa kuti tsamba losintha mutu wake kosapuma likhoza kuumitsa Chrome, Edge, Brave ndi Opera m'kanthawi kochepa, pakuti onsewa anamangidwa pa maziko amodzi otchedwa Chromium.

Ena adzati awa ndi masewera a anyamata, pakuti foni ikazima munthu aiyatsanso. Kwa zitsanzo zitatuzi mawuwo ali ndi choonadi chake. Koma pali kugwa kwa mtundu wina kumene sikuseketsa konse. Mu Seputembala 2023 kunapezeka chilema m'kachidutswa ka pulogalamu kowerenga zithunzi za mtundu wa WebP. Chithunzi chopangidwa mwadala chinkasefukira kunja kwa malo amene anachiikira, nichilemba pa malo a zinthu zina. Browser inkagwa, inde, koma wodziwa bwino ntchitoyo akanatha kulowetsa malangizo ake pa mpata womwewo. A Google anavomera kuti anthu oipa anali atayamba kale kugwiritsa ntchito chilemacho, ndipo Chrome, Firefox ndi Edge zinakonzedwa mofulumira. Munthu sanafunike kukopera kanthu kapena kulemba nambala yake yachinsinsi. Kutsegula tsamba lokhala ndi chithunzicho kunali kokwanira.

Vuto lathu kuno lili pa kulandira mankhwalawo. Eni mapulogalamu atumiza zokonza zawo pa intaneti kwaulere, koma kuzitsitsa kudya bandulo, ndipo wantchito amene awerengera malipiro ake kufikira kutha kwa mwezi azengereza, nati adzachita mawa. Sitimdzudzula kwambiri; komabe bandulo imeneyo ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi zimene zili m'foniyo. Makompyuta akale ndiwo ali pa tsoka lalikulu. A Microsoft analeka kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Chrome 109, ya mu Januwale 2023, ndiyo inali yotsiriza kugwira ntchito pa makina otere. Mkulu wa sukulu kapena wa ofesi amene akali ndi kompyuta ya mtundu umenewu asaike pamenepo zolemba za anthu, makamaka ngati kompyutayo ilumikizidwa ku intaneti.

Dziko lino lalawapo kale kuwawa kwa zinthu zotere, ngakhale mwa njira ina. Mu Febuluwale 2024 Dr Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu analowa m'makina opangira ziphaso zoyendera a Nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, nafuna dipo, ndipo anthu anakhala masabata ambiri osalandira mapasipoti. Lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act liika mlandu pa munthu wolowetsa dala zowononga m'kompyuta ya mnzake, ndipo ndi lomwelo linakhazikitsa Malawi CERT, nthambi ya pansi pa MACRA yolandira madandaulo a mtundu umenewu. Wantchito amene atumizira anzake a pa gulu la WhatsApp linki yozimitsa mafoni, poyesa nthabwala, adziwe kuti asewera pafupi ndi lamulolo.

Foni ikazima mutangotsegula linki, musabwererenso pa tsambalo. Zimitsani intaneti poyamba, pakuti browser ikonda kutsegulanso tsamba limene inali nalo. Kenaka tsekani tsambalo, tsitsani zokonza zatsopano, ndipo muwauze amene anakutumizirani linkiyo kuti aichotse pa gulu asanaitsegule ena.