Mtundu Kapena Mthunzi: Chisankho cha Otola Zithunzi za Nyumba

JOHANNESBURG – Makamera amakono apeputsa ntchito yotola zithunzi, koma sanathetse funso limene akatswiri otola zithunzi za nyumba akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri: kodi chithunzi chituluke ndi mitundu yake yonse, kapena chikhale chakuda ndi choyera basi? Nkhaniyi si ya kukongola kokha, pakuti nyumba ikagwa kapena kugwetsedwa, kawirikawiri chithunzi ndicho chimatsala ngati mboni.

Mitundu ikachotsedwa, diso limatsala ndi kuwala, mthunzi ndi mizere. Apo m'pamene kapangidwe ka nyumba kamaonekera bwino: kutalika kwa nsanamira, kukhota kwa khoma ndiponso kukhakhala kwa mwala. Makoma a Great Zimbabwe, amene anamangidwa posanja miyala popanda matope oimatira, ndi chitsanzo chabwino. Miyalayo ndi yotuwa kale, choncho pamene dzuwa lapendeka ndi kuponya mithunzi m'mipata yake, chithunzi chakuda ndi choyera chimaonetsa luso la amisiri popanda chosokoneza.

Njirayi imathandizanso poyerekeza nyumba zambiri. Bernd ndi Hilla Becher a ku Germany, amene anayamba kugwirira ntchito limodzi mu 1959, ankatola nsanja za madzi ndi nyumba za mafakitale kunja kuli mitambo, pofuna kupewa mithunzi yamphamvu. Zithunzi zawo zakuda ndi zoyera ankaziika m'mizere, kuti woona athe kusiyanitsa kapangidwe ka nsanja ina ndi inzake.

Komabe pali nyumba zimene mtundu ndiwo moyo wake. Makoma a nyumba za Andebele ku South Africa, amene luso lake linatchuka padziko lonse kudzera mwa Esther Mahlangu, amadalira utoto wowala wotsekeredwa m'mizere yakuda. Chimodzimodzinso nyumba za ku Bo-Kaap mumzinda wa Cape Town, ndi nyumba imene Luis Barragán anamanga ku Mexico City mu 1948. Vuto ndi lakuti mitundu iwiri yosiyana, monga wofiira ndi wobiriwira, ikakhala yowala mofanana, imasanduka yotuwa mofanana pa chithunzi chopanda mitundu. Zikatero, malo amene mmisiri anawasiyanitsa dala amaoneka ngati amodzi.

Ku South Africa, ntchito ya David Goldblatt, yemwe anamwalira mu 2018, imasonyeza kuti chisankhochi chimakhudzanso uthenga. M'buku lake la mu 1998, South Africa: The Structure of Things Then, iye anasonkhanitsa zithunzi zakuda ndi zoyera za matchalitchi, nyumba zogona ndi zipilala za m'nthawi ya ulamuliro watsankho. Iye ankaona kuti mitundu ikanakometsa zinthu zimene zinali zowawa. Ulamulirowo utatha, ndipo makompyuta atamupatsa mphamvu yowongolera mitundu monga momwe ankafunira, anayamba kutola zithunzi zamitundu, zimene zinatuluka m'buku la Intersections mu 2005.

Guy Tillim, wa m'dziko lomwelo, anatsata njira yapakati. M'buku lake la mu 2008, Avenue Patrice Lumumba, muli nyumba za ku Mozambique, Angola, Democratic Republic of Congo ndi maiko ena, kuphatikizapo Grande Hotel ya ku Beira, imene inatsekedwa mu 1963 ndipo pambuyo pake munadzakhala mabanja ochuluka. Mitundu ya zithunzizi ndi yozilala, koma ndi yokwanira kuonetsa ndere, dzimbiri ndi utoto wosuluka, zomwe zimanena za zaka zimene nyumbazo zapirira.

Kale panalinso chifukwa china, cha kasungidwe. Chithunzi chakuda ndi choyera chimapangidwa ndi timibulu ta siliva, ndipo chikatsukidwa bwino chimakhala zaka zambirimbiri, pamene utoto wa filimu yamitundu umasuluka msanga. Ndi chifukwa chake ntchito ya boma la United States yolemba mbiri ya nyumba zakale, Historic American Buildings Survey, imene inayamba mu 1933, inakhazikika pa filimu yaikulu yakuda ndi yoyera.

Masiku ano makamera ambiri a dijito amasunga mitundu yonse, ndipo wotola zithunzi angathe kuichotsa pambuyo pake pa kompyuta. Koma njirayi ndi yopita kumodzi kokha. Chithunzi chimene chasungidwa chopanda mitundu sichingabwezeredwe mitundu yake yeniyeni. Mapulogalamu amene amapaka mitundu pa zithunzi zakale amangoyerekeza. Izi ndi zofunika kwa okonzanso nyumba zakale. Mwachitsanzo, mmisiri wofuna kusintha njerwa zowonongeka pa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, ayenera kudziwa kufiira kwenikweni kwa njerwazo, osati kasanjidwe kake kokha.

Motero wotola zithunzi amayamba wadzifunsa ntchito imene chithunzicho chikagwire. Ngati cholinga ndi kuonetsa kapangidwe ndi kuwala, chakuda ndi choyera chimakwanira. Ngati ndi kusunga umboni wa zipangizo, utoto ndi kuwonongeka kwa nyumba, mitundu imafunika. Ndipo ngakhale chithunzi chofalitsidwa chikhale chopanda mitundu, chamitundu chija ndi choyenera kusungidwa.