Ana ena akulephera sukulu chifukwa cha makutu

M'sukulu za m'mphepete mwa nyanja m'boma la Lago, kuyambira ku Meluluca kudzera ku Metangula ndi ku Messumba mpaka ku Cóbuè, muli ana amene aphunzitsi ndi makolo omwe adawaweruza kale kuti ndi opusa kapena amwano. Mwana akaitanidwa satembenuka, akafunsidwa funso amayankha zina, ndipo chaka chikatha amabwereza kalasi. Ena mwa ana oterewa nzeru ali nazo ndithu, koma vuto lawo lili m'makutu, ndipo palibe amene adawayezapo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidanena mu lipoti lake la chaka cha 2021 kuti ana okwana 34 miliyoni pa dziko lapansi ali ndi vuto la kumva lofunika chithandizo, ndiponso kuti pa ana 10 aliwonse otere, pafupifupi 6 vuto lawo likadapewedwa. M'chaka chomwecho bungweli lidatulutsa malangizo olimbikitsa maiko kuti aziyeza makutu a ana a sukulu, makamaka pamene akuyamba kumene.

Vuto lobisika

Mwana amene samva n'komwe amadziwika msanga chifukwa sayankhula. Amene amasowa womuzindikira ndi uja amamva pang'ono: kunyumba amamva mayi ake akamuyankhula pafupi, koma m'kalasi yodzaza ndi ana, mawu a mphunzitsi amamufika oduka mutu ndi mchira.

Ku Lago kuno pali chinthu china chimene chimabisa vutoli. Ana ambiri amakula akuyankhula Chinyanja kapena Chiyao, ndipo Chipwitikizi amakakumana nacho ku sukulu. Mwana akalephera kuyankha, mphunzitsi amaganiza kuti chamuvuta ndi chiyankhulo. Dziko la Mozambique lidayesa kuphunzitsa ana m'ziyankhulo zawo pakati pa 1993 ndi 1997, Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, ndipo kuyambira mu 2003 njirayi idayamba kulowa m'sukulu zina za boma. Komabe ngakhale phunziro litakhala m'Chinyanja, mwana amene khutu lake latsekeka salimva.

Zimene zimaononga makutu a ana n'zodziwika. Choyamba ndi matenda a m'kati mwa khutu amene amayamba ndi chimfine, n'kuboola kachikopa kopyapyala ka m'khutu, mafinya n'kumatuluka miyezi ndi miyezi. Kafukufuku amene adachitika m'midzi ya ku Chikwawa ku Malawi, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2017, adapeza kuti pa ana 100 aliwonse a zaka 4 mpaka 6, pafupifupi 5 anali ndi khutu lotuluka mafinya. Kwa mwana wa kunyanja amene amasambira tsiku ndi tsiku, madzi amalowa pa chiboo chija ndipo khutu limachedwa kuuma.

Zina ndi phula louma lotseka khutu, chikuku, matenda oumitsa khosi, malungo a m'bongo, chikasu chachikulu cha mwana wakhanda, ndiponso matenda a rubella akagwira mayi woyembekezera. Mankhwala ena amphamvu monga kwinini ndi gentamicin nawonso amatha kuononga kumva, n'chifukwa chake amayenera kuperekedwa ndi a chipatala okha pa muyeso wake. Katemera amateteza ku ena mwa matendawa: Mozambique idayamba kupereka katemera wa chibayo mu 2013, ndi wophatikiza chikuku ndi rubella mu 2018.

Zimene zidaoneka ku Thyolo ndi Ntcheu

Phunziro lalikulu kwa anthu a ku Lago likuchokera tsidya lina la nyanja. Mu 2013, ofufuza a ku Malawi pamodzi ndi a sukulu ya ukachenjede ya London School of Hygiene and Tropical Medicine adaphunzitsa anthu odzipereka a m'midzi ya m'maboma a Thyolo ndi Ntcheu kuti alembe maina a ana amene akuwaganizira kuti ali ndi ulumali. Anawo atayezedwa, 752 adapezeka ndi vuto la kumva.

Mu 2016 ofufuzawo, motsogozedwa ndi Dr Wakisa Mulwafu, dokotala wa makutu, mphuno ndi mmero wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, adabwerera kuti akaone mmene ana aja akukhalira. Mwa ana 752 aja adapezako 307 okha. Mwa amene anali a msinkhu wa sukulu, pafupifupi 3 pa 10 aliwonse sanali pa sukulu, ndipo amene anali pa ngozi yaikulu yokhala kunyumba anali atsikana, ana okulirapo, ndi ana amene owalera sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Zotsatirazi zidasindikizidwa ndi WHO mu 2019.

Pa kafukufuku wina ku Thyolo komweko, alangizi a zaumoyo a m'midzi adaphunzitsidwa kuona makutu, ndipo ntchitoyo adaigwira bwino. Koma mwa ana 150 amene adapatsidwa makalata oti apite ku Queen Elizabeth, amene adapita anali 5 okha. Makolo atafunsidwa adatchula kutalika kwa ulendo, kusowa kwa ndalama yokwerera galimoto ndi yodyera m'njira, mantha ndi chipatala chachikulu, ndiponso kusamvetsa bwino zimene adauzidwa pa tsiku loyeza.

Thyolo ndi Blantyre ndi maboma oyandikana, olumikizidwa ndi msewu wa tala. Kuchoka ku Metangula kupita ku chipatala chachikulu cha chigawo ku Lichinga pali makilomita oposa 100, ndipo munthu wa ku Cóbuè ayenera kuyamba wayenda ulendo wautali pa msewu wa fumbi kapena pa boti kuti angofika pa Metangula. Ambiri a kumpotoko amaona chapafupi kuwoloka kupita ku chipatala cha St Peter's pa chilumba cha Likoma. Choncho ngati a ku Thyolo adalephera ulendo wawo, aliyense wofuna kuyeza ana ku Lago ayenera kuyamba wayankha funso lakuti mwana akapezeka ndi vuto adzapita kuti, ndipo adzalipire ulendowo ndani.

Mmene kuyeza kumachitikira

Kuyeza makutu sikupweteka, sikufuna jakisoni ndipo satenga magazi. Woyeza amayamba wasuzumira m'khutu ndi katochi kapadera kuti aone ngati muli phula, mafinya, kachirombo kapena njere ya chimanga. Kenaka mwana amavala zomvera ku makutu, makina n'kumatulutsa timaphokoso tating'ono khutu limodzi pa nthawi, ndipo mwana amakweza dzanja akamva. Ntchito yonse imatenga mphindi zochepa. Masiku ano kuli njira zoyezera pogwiritsa ntchito foni ya m'manja ndi zomvera zokonzedwa bwino, monga ya hearScreen imene idapangidwa ku University of Pretoria ku South Africa, kotero kuti mphunzitsi kapena mlangizi wa zaumoyo wophunzitsidwa angathe kuigwira ntchitoyi ngakhale kumene kulibe magetsi.

Chimene chimafunika kwambiri ndi bata. Sukulu zambiri za kuno zili pafupi ndi gombe, ndipo mwera ukamaomba m'miyezi ya June, July ndi August mafunde amasokosa; nthawi ya dzinja namonso mvula imalira pa malata ndipo misewu imaduka. Phokoso lingachititse kuti mwana wabwinobwino alembedwe kuti samva. Mwana amene ali ndi chimfine amathanso kulephera lero koma n'kudzamva bwino pakapita masabata angapo, choncho wolephera ayenera kuyezedwanso asanauzidwe makolo kuti pali vuto lokhalitsa.

Kugwirizana ndi sukulu

Mutu umodzi susenza denga. Kuti ntchito yotere iyende, iyenera kudzera ku ofesi ya maphunziro ya boma, imene imadziwika ndi dzina loti SDEJT, ndi ya zaumoyo ya SDSMAS ku Metangula. Kuchoka apo imatsikira ku magulu a sukulu zoyandikana otchedwa ZIP, kwa akulu a sukulu, ndi ku khonsolo ya sukulu mmene mumakhala makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a m'mudzi. Mafumu, ansembe ndi mashehe ayenera kudziwa tsiku lisanafike, chifukwa ndiwo amene anthu amakawafunsa alendo akachoka. Alangizi a zaumoyo a m'midzi otchedwa APE ndiwo angafikire ana amene sali pa sukulu, omwe kuyeza kwa m'kalasi kokha sikungawapeze.

Kufotokozera anthu poyera n'kofunika kwambiri. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi ena a kumwera kwa Malawi, ndipo ogwira ntchito zina zothandiza anthu adaimitsa maulendo awo. Alendo obwera ndi makina achilendo n'kumalemba maina a ana osafotokoza kanthu amabzala okha mphekesera zotere.

Ngati kuyezako kuli mbali ya kafukufuku wotsata ana kwa zaka zambiri, makolo ali ndi ufulu wodziwa zambiri. Ku Mozambique kafukufuku wa zaumoyo amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, imene likulu lake ndi Comité Nacional de Bioética para a Saúde. Kholo liyenera kuuzidwa m'chiyankhulo chake cholinga cha ntchitoyo, amene adzasunge maina a ana, ndi zaka zimene adzatsatidwe. Lingathe kukana, ndipo mwana wake sayenera kuchotsedwa sukulu kapena kumanidwa chithandizo chifukwa cha kukanako. Zotsatira za mwana ndi za makolo ake, si zolengeza pa mzere wa m'mawa anzake akumva.

Phindu la kutsata ana zaka zingapo n'lakuti pamaoneka ngati mwana amene adatsukidwa khutu kapena kuchiritsidwa mafinya ali m'kalasi yoyamba wafika m'kalasi yachisanu ndi chimodzi osabwereza, poyerekeza ndi mmene zinkakhalira kale. Popanda umboni wotere, akuluakulu ogawa ndalama ku Lichinga ndi ku Maputo sangaone chifukwa chotumizira zipangizo kunyanja kuno. Koma ku Thyolo ndi Ntcheu ana oposa theka sadapezekenso patangopita zaka zitatu. Kuno nako mabanja amasamuka kutsata usipa, ana amakakhala kwa agogo kapena kwa amalume ku Likoma, ku Nkhata Bay ndi ku Mangochi, ndipo ena amalembetsa ku sukulu ndi dzina lina kusiyana ndi la pa khadi la ku sikelo. Kaundula wa sukulu wosungidwa bwino, wokhala ndi dzina la mwana, la mayi, la mudzi ndi la mfumu, ndiye msana wa kafukufuku aliyense wotere. Mwana akasintha sukulu, zotsatira za makutu ake ziyenera kupita naye.

Zimene zingachitike lero

Makolo ndi aphunzitsi sayenera kudikira ofufuza. Mwana amene khutu lake likutuluka mafinya apite naye ku chipatala, kumene amatsuka khutu ndi kupereka mankhwala odontheza. Kunyumba, mafinya apukutidwe ndi kansalu koyera kopota, ndipo mwanayo asamire m'nyanja mpaka khutu litapola. Osathira m'khutu mafuta, madzi a masamba kapena mkaka wa m'mawere, ndiponso osatokosa ndi nthenga ya nkhuku kapena kamtengo ka machesi. Khofi la pa khutu limatha kuboola kachikopa kaja, choncho kholo kapena mphunzitsi wolanga mwana motero angamugonthetse yekha.

M'kalasi, mwana wosamva bwino akhale kutsogolo, khutu lake labwino liloze kwa mphunzitsi. Mphunzitsi aziyankhula atayang'ana ana, osati akulemba pa bolodi, ndipo azilemba mawu ofunika kuti mwanayo awaone. Zimenezi sizifuna metikali ngakhale imodzi.

Kwa ana amene samva n'komwe, njira ilipo ndithu. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a 2004 amalamula boma kulimbikitsa chiyankhulo cha manja, ndipo ku Anchilo m'chigawo cha Nampula kudamangidwa malo a maphunziro a ana olumala otumikira zigawo za kumpoto. Ku Malawi kuli sukulu za ana osamva monga za ku Bandawe, Embangweni, Mua ndi Mary View, ndipo ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuli zipatala zoyeza makutu ndi kupereka timakina tothandiza kumva.

Tsiku la 3 March chaka chilichonse ndi lokumbukira za makutu ndi kumva pa dziko lonse, ndipo limafika sukulu zitangotsegulidwa kumene. Makhonsolo a sukulu a ku Lago angathe kugwiritsa ntchito tsikuli polemba maina a ana amene aphunzitsi ndi makolo akuwakayikira, n'kukawapereka ku chipatala chapafupi ndi ku ofesi ya maphunziro ku Metangula. Kuongola mtengo mpoyamba, ndipo mwana wothandizidwa ali m'kalasi yoyamba amakhala asanataye chaka ngakhale chimodzi.